Mfuti ya chipolopolo chimodzi ikamaphonya, yambani mwaona izi

Malume anga a ku Chingale ali ndi kamfuti ka .22 kachikale, ka zipolopolo zing'onozing'ono, kaja koika chipolopolo chimodzi basi, ukawombera utsegule uchotse khoko uikenso china. Chaka chatha anatsala pang'ono kukagulitsa, akuti "iyayi mphwanga, mfutiyi yakalamba ikuponya kumbali", koma titakhala pansi Loweruka lina tinapeza kuti vuto linali kabawuti kamodzi kogwira thabwa ndi chitsulo kanakhwepa. Ndiye ndati ndilembeko zomwe tinachita, koma ndikunena ndi inu amene muli ndi laisensi ya kupolisi komanso chilolezo chosakira cha a National Parks and Wildlife, ndipo paphiri la Zomba kapena ku Liwonde si kosakako ayi.

Choyamba onetsetsani kuti mulibe chipolopolo, kenako mangani timabawuti tonse, ta pathabwa ndi ta pa skopu (galasi loyang'anira lokhala pamwamba pa mfuti) ngati ilipo, koma osati kumanga ngati tayala la lole, thabwa limang'aluka. Mukatero tengani K1000 yapepala muilowetse pakati pa paipi ya mfuti ndi thabwa lakutsogolo. Pa mfuti zambiri zimene paipi yake inapangidwa kuti isagunde thabwa, ndalamayo imayenera kudutsa bwinobwino. Kuno ku Zomba chinyontho nchambiri, dzinja komanso chiperoni chikabwera, thabwa limafufuma nkuyamba kukankha paipi, ndiye mfuti yomwe imamenya pakati mu Okutobala ifika Febuluwale ikuponya m'mwamba. Pakugundapo palani pang'onopang'ono ndi sandipepa, mupake vanishi kuti madzi asalowenso.

Yang'ananinso kukamwa kwa paipi, potulukira chipolopolo. Pakakumbika ngakhale pang'ono chipolopolo chimatuluka chopendekera. Nchifukwa chake potsuka muzilowetsa ndodo kuchokera kumbuyo, ndipo chizolowezi choimika mfuti kukamwa kuli pasimenti chisiyeni. Za tiriga, kachitsulo kokoka ndi chala powombera, musapale nokha ndi fayilo chonde, mfuti imatha kulira yokha ikangogwa, pitani nayo kwa munthu wodziwa ntchitoyo.

Tsopano kuyesa, apa ndipomwe ambiri timathamangira. Pezani chulu chachikulu kapena chigumula chadothi chopanda miyala kuti chikhale kumbuyo kwa chandamale, chifukwa chipolopolo cha .22 chimatha kuuluka kupitirira kilomita imodzi ndi theka, ndipo pamwala kapena pamadzi chimanjanja nkupita kwina. Katoni ya sopo mujambulepo kadontho kakuda, muyambire pa mamita 25. Khalani pansi, thabwa lakutsogolo ligone pathumba la mchenga, osati paipi, paipi ikagona pachinthu cholimba chipolopolo chimasochera. Womberani kasanu mukuloza kadontho komweko osakhudza chilichonse, ngakhale muone choyamba chapita kumanzere musasinthe, chomwe tikufuna nkuona ngati mabowowo aunjikana pamodzi. Akaunjikana moti chitsekerero cha botolo la Fanta nkuwaphimba onse, mfuti ili bwino, changotsala nkusuntha choyang'anira. Akamwazikana ngati nthomba ndiye kaya ndi inuyo kaya ndi zipolopolo.

Kusuntha kwake nkosavuta. Ngati ndi kachitsulo koyang'anira kakumbuyo, kasunthireni komwe mukufuna chipolopolo chipite, chikugwa kumanzere kankhirani kumanja. Pa skopu zambiri mukapotoza kabatani kosunthira nkuliza kamodzi, pomenya chipolopolo pamasuntha mamilimita pafupifupi 7 pa mamita 100, ndiye pa 25 sikufika ngakhale mamilimita awiri, musadabwe mutaliza kakhumi. Zikakhala bwino bwererani mpaka mamita 50 mumalizitse pamenepo. Mukaikonza pa 50, pa mamita 100 chipolopolo chimatsika masentimita ngati 15, nchifukwa ine kalulu kapena nkhanga ya patali choncho ndimangoisiya ipite, kuvulaza nyama ikafere kutchire sindimakufuna ngakhale pang'ono, ndipo nguluwe ndi .22 musayerekeze nkomwe.

Zipolopolo nazo zimasiyana, mfuti iliyonse ili ndi mtundu womwe imagwirizana nawo, mukaupeza gulani womwewo osasakaniza ndi zakale zochita dzimbiri za m'thumba la jekete.

Kwa malume, titamanga kabawuti kaja panatsala vuto la chala. Amakoka tiriga mwadzidzidzi ngati akuthyola chimanga, nkudzutsa mutu msangamsanga kuti aone ngati zagwa. Tinagwirizana kuti tsaya lizikhala malo amodzimodzi pathabwa, atulutse mpweya pang'ono, aime, akoke mofatsa ndi kansonga ka chala, maso akhalebe pachandamale mpaka mfuti itakhala chete. Ndipo poti kutchire chipolopolo chimakhala chimodzi chochoka mupaipi yozizira, tinawayesa m'mawa masiku atatu, kuwombera kamodzi kokha pakatoni yomweyo nkubwerera kunyumba kukamwa tiyi. Paipi yongotsukidwa kumene yokhala ndi oyilo imaponya choyamba kwina, ndiye pukutani kaye muwombere ziwiri zitatu pakatoni musanapite kosaka. Katoni ya malume ija mabowo atatu onse analowa pansi pa chitsekerero, mpaka pano anaikhoma pakhoma kuseri kwa chitseko.