Payi ya nyama yokometsera, yopanda ufa wa tirigu

Chimene chimachititsa ufa wa tirigu kunanda ndi kutanuka ndi gluten. Mu ufa wa mpunga ndi wa chinangwa mulibe, n'chifukwa chake umayenera anthu amene tirigu amawapweteka m'mimba. Vuto lake n'lakuti sugwirana wokha. Mukaukanda ngati wa mandasi umangonyenyeka m'manja, choncho timaumanga ndi mbatatesi ndi dzira.

Payi ya anthu anayi imafuna magalamu 200 a ufa wa mpunga, 100 a ufa wa chinangwa, 200 a mbatatesi yophika ndi kuphwanya, 100 a majarini ozizira, dzira limodzi ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mpunga wa Kilombero wa ku Karonga umatuluka ufa wabwino, bola muusefe kawiri. Wa kondowole, wochokera ku Nkhata Bay, musapyole muyeso: ukachuluka payi imatafunika ngati mphira ndipo fungo la chinangwa choviika limaphimba nyama.

Yambani ndi nyama kuti ipeze nthawi yozizira. Kazingani anyezi awiri m'mafuta pang'ono mpaka afewe, thirani adyo, jinja wosinja, masupuni aang'ono awiri a ufa wa kale (curry) ndi tsabola wa kambuzi mmodzi. Ikani theka la kilogalamu ya nyama ya ng'ombe yogaya, muzitakasa kufikira madzi ake ataphwa. Kenako tomato awiri, karoti mmodzi woduladula ndi mchere, zipse mphindi 15. Sungunulani supuni imodzi ya ufa wa chinangwa m'madzi pang'ono, thiranimo kuti msuzi ulimbe. Werengani zolembedwa pa paketi ya kale, chifukwa zokometsera zina amaziwonjezera ufa wa tirigu. Sefa ndi mthiko zomwe munaphikira mandasi muzitsukenso bwino.

Sakanizani ufa wa mpunga, wa chinangwa ndi mchere, fikisanimo majarini ndi nsonga za zala mpaka uoneke ngati mchenga. Onjezani mbatatesi yozizira ndi dzira, sonkhanitsani pamodzi popanda kukanda. Ukamauma, madzi ozizira supuni imodzi imodzi. Uphimbeni upume mphindi 30. Kuzizira kwa Mzuzu mu Juni ndi Julayi kumakuthandizani pamenepa, koma nthawi yotentha muuike mufiriji.

Magawo awiri mwa atatu a ufawo muwakanikize ndi zala pansi ndi m'mbali mwa chiwaya chopaka mafuta. Gawo lotsalalo liikeni pakati pa mapepala awiri a pulasitiki, mulipapatize ndi botolo. Likang'ambika musataye mtima, matani ndi chala chonyowa. Nyama ilowe itazizira ndithu. Yotentha imasungunula majarini, pansi pa payi n'kusanduka phala. Vundikirani, tsinani m'mphepete ndi foloko, boolani timabowo titatu totulukira nthunzi, pakani dzira lina pamwamba.

Mu uvuni, madigiri 190 kwa mphindi 35 mpaka 40. Pa mbaula, ikani chiwaya m'poto wamkulu wokhala ndi mchenga pansi, makala ochepa kunsi ndi ambiri pa chivundikiro, chifukwa pansi ndi pamene pamayamba kupserera. Pamwamba pakafiira yapsa. Idikireni mphindi 15 musanadule, ikadali yotentha imagumuka pa mpeni.