Mmene mungatolere maganizo a owerenga pa buku la chikondi cha kunyumba ya mfumu

Buku la chikondi lomwe nkhani yake imachitikira kunyumba ya mfumu kalekale limakanganitsa owerenga kuposa mabuku ambiri. Wina amati ndi lokoma zedi, wina amati ndi bodza lokhalokha, ndipo n'kutheka onse awiri akunena zoona, chifukwa sakuyankha funso limodzi. Woyambayo akunena za mtima wake, winayo akunena za mbiri. Ngati mukutsogolera kagulu kowerenga mabuku kuno ku Nkhotakota, kaya ndi kusukulu ya sekondale, kumpingo kapena pakhonde la munthu ku Linga, ntchito yanu yaikulu ndi kulekanitsa mafunsowa kuti liwu la aliyense limveke pamalo pake.

Yambani ndi kagawidwe ka buku, chifukwa magulu ambiri amafera pamenepa asanakambe n'komwe. Anthu asapitirire khumi ndi awiri. Akachuluka, atatu okha ndi amene amayankhula, ena onse n'kumangogwedeza mutu. Tiyerekeze muli anthu asanu ndi anayi, mabuku atatu, ndipo bukulo lili ndi masamba 320. Ligaweni zigawo zinayi za masamba 80. Buku lililonse lizizungulira anthu atatu okhala moyandikana, munthu aliyense alisunge masiku awiri, aziwerenga masamba 40 pa tsiku. Masiku asanu ndi limodzi akatha onse amakhala atamaliza chigawocho, tsiku lachisanu ndi chiwiri mukumane. Ngati bukulo ndi la Chingerezi cholimba, masamba 40 ndi ambiri kwa munthu amene ali ndi munda kapena geni. Chepetsani akhale 20 ndipo muzikumana pakatha masabata awiri. Lamlungu masana ndi nthawi yomwe imakomera anthu ambiri, popeza Lachisanu ena ali kumzikiti, Loweruka ena ali kutchalitchi. Nyengo yokolola mpunga musayambe buku latsopano.

Lamulo ndi limodzi: amene sanawerenge chigawo cha sabatayo akhoza kubwera kudzamvetsera, koma asapereke chigamulo. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Amene wathamanga n'kumaliza buku lonse naye asaulule za kutsogolo.

Tsiku loyamba, musanafunse aliyense ngati buku likumukomera, jambulani mtundu wa banja lachifumu pa pepala lalikulu. Kuseri kwa kalendala yakale kumakwanira. Lembani mfumu, mkazi kapena akazi ake, alongo ake, ana, aphwa ndi nduna. Kenako funsani funso ili: mfumuyi ikafa mawa, adzalowe ufumu ndani, ndipo mwa lamulo liti? Musachoke pa funsoli mpaka onse agwirizane, chifukwa m'mabuku a mtundu umenewu chimene chimatchinga chikondi nthawi zambiri ndi lamulo la kalowedwe ka ufumu. Amene sanalimvetse lamulolo amaweruza anthu a m'nkhani molakwa.

Mabuku ambiri otere amene amapezeka pa mabenchi a mabuku akale ndi a ku Ulaya, ndipo kumeneko ufumu unkatsata bambo. Henry VIII, amene analamulira England kuyambira 1509 mpaka 1547, anakwatira akazi asanu ndi mmodzi motsatizana, ndipo chimene chinkamusowetsa tulo chinali mwana wamwamuna wodzalowa m'malo mwake. Anapatukana ndi Papa wa ku Roma pofuna kusiya mkazi wake woyamba. Wachiwiri, Anne Boleyn, anabereka mwana wamkazi, Elizabeth, mu 1533, ndipo mu 1536 anadulidwa mutu. Wowerenga amene anakulira m'mudzi wa Achewa akhoza kudabwa kuti vuto linali pati, popeza mfumuyo inali ndi alongo ake amene anali ndi ana. Kudabwa kumeneko sikulakwa, ndipo kulembeni. Koma mufotokozereni kuti kunyumba yachifumu imeneyo mkazi wosabereka mwana wamwamuna ankakhala pa moto tsiku ndi tsiku. Akatero adzaona kuti mantha a mkazi wa m'bukuyo si kukokomeza kwa mlembi.

Buku likakhala la kwathu kuno, funso lomwelo limagwira ntchito motembenuka. Mu ufumu wa Maravi, Kalonga ankachokera ku mtundu wa a Phiri, wobadwa mwa Nyangu, ndipo mkazi wake wamkulu, Mwali, ankachokera kwa a Banda. Ufumu unkatsata mbumba, osati ana a mfumu. Choncho mukapeza buku lomwe likuti mkazi wa Kalonga akuchita ziwembu kuti mwana wake wamwamuna adzalowe ufumu wa bambo ake, dziwani kuti mlembi wabwereka mafupa a nkhani ya ku Ulaya n'kuwaveka chikopa cha kuno. Nkhondo yeniyeni ikanakhala kwa alongo a mfumu ndi aphwa ake, ndipo chikondi chikanatchingidwa ndi mwinimbumba, ankhoswe ndi funso la amene apite kukakhala kwa mnzake. Owerenga achikulire amagwira cholakwa chimenechi msanga kwambiri ngakhale sanapite patali ndi sukulu. N'chifukwa chake gulu lopanda agogo ngakhale mmodzi limakhala losauka pa mabuku amenewa.

Mtundu wa banja ukamveka, perekani kwa aliyense kapepala kakang'ono. Alembe manambala atatu, lililonse kuyambira 1 mpaka 5, asanamve maganizo a wina aliyense. Loyamba: kodi ndikukhulupirira kuti awiriwa akukondanadi? Lachiwiri: kodi nthawi ndi malo a nkhaniyi zikumveka zoona? Lachitatu: kodi ufumuwo ukugwira ntchito m'nkhaniyi, kapena ndi chokongoletsa chabe? Apinde mapepalawo aponye m'mbale. Chitani zimenezi pa msonkhano uliwonse. Chifukwa chake n'chakuti aphunzitsi kapena abusa akangoyamba kunena kuti buku ndi lachabe, mtsikana wa Fomu 3 amene analira nalo usiku sangatsegulenso pakamwa. Pa chifukwa chomwecho, poyankhula ayambe ang'ono, akulu atsirize, monga zimakhalira pabwalo la milandu pomwe mfumu imayankhula pomaliza. Inu otsogolera mukhale omaliza enieni.

Funso lachitatulo ndi limene anthu amavutika nalo, ndiye liyeseni motere. Uzani gulu lichotse mfumu ndi nduna m'nkhanimo, liike mwini sitolo ndi antchito ake. Ngati nkhaniyo ikuyendabe chimodzimodzi, ufumuwo unali chovala chabe. Ngati ikugwa, chifukwa ukwatiwo unali womanga mtendere pakati pa mafumu awiri, kapena chifukwa kukana kwa mtsikanayo kukanaphetsa abale ake, ndiye kuti mlembi wagwira ntchito yake.

Pa funso la mbiri, musalole mawu akuti "kale sizinali choncho" kudutsa opanda tsamba. Wonenayo atchule tsamba ndi chinthu chimene akukayikira, mlembi wa gulu alembe m'kope, ndipo wina apatsidwe ntchito yokafufuza kulaibulale kapena kwa akuluakulu. Pali zinthu zingapo zimene mungagwirepo molimba. Chimanga, chinangwa ndi fodya zinachokera ku America, kotero sizikanapezeka kuno chisanafike chaka cha 1500. Nsima ya nthawi imeneyo inali ya mapira ndi mawere. Nkhani ya zaka za m'ma 1400 yomwe ikudyetsa mfumu kondowole yaphonya. Malonda ankachitika posinthana nsalu, mikanda, mchere, makasu ndi minyanga, choncho munthu wolipira makobiri pabwalo la Kalonga ndi wokayikitsa. Komanso samalani ndi kutsutsa kopitirira. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, komwe kunali likulu la Kalonga, akatswiri ofukula zakale anapezako mikanda yagalasi, zinthu za mkuwa ndi zidutswa za mbale zadothi zochokera ku China. Mfumukazi yovala mikanda yochokera kutsidya la nyanja yamchere si bodza ayi. Nawo Apwitikizi sanali achilendo kwenikweni: Gaspar Bocarro anadutsa m'dziko la Amaravi mu 1616 pa ulendo wochokera ku Tete kupita ku Kilwa, doko la kunyanja yamchere m'dziko lomwe lero ndi Tanzania.

Kumbutsaninso gulu kuti buku lopeka lili ndi ufulu wopeka. Mlembi akhoza kulenga mtsikana amene sanakhaleko, kumupatsa mawu ndi maloto. Chimene sayenera kuchita ndi kuphwanya zimene zinkatheka pa nthawiyo. Gawani zodandaula za mbiri pawiri m'kope: zopeka zololeka ndi zolakwa zenizeni. Mudzaona kuti mndandanda wachiwiriwo umakhala waufupi kuposa phokoso lomwe linali pamsonkhano.

Pali mabuku amene amafuna kudekha kwapadera kuno kwathu, ndiwo amene nkhani yake ili pa bwalo la Jumbe. Salim bin Abdallah, wamalonda wa Chiswahili amene anali woyamba kulamulira ndi dzina laudindo la Jumbe, anakhazikika pa Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ndipo kuchokera pa gombe lino zombo zinkaolotsa minyanga ndi akapolo kupita kutsidya, pa njira ya ku Kilwa. David Livingstone anaona malonda amenewa pamene anafika kuno m'zaka za 1861 ndi 1863. Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, anachita pangano ndi Jumbe wa nthawiyo mu 1889, ndipo ufumuwo unatha chapakati pa zaka za m'ma 1890. Nthawi yomweyo ya a Jumbe inakhazikitsa Chisilamu ndi ulimi wa mpunga umene boma lino limatchuka nawo. Zonsezi si za kutali. Pamphasa yomwe mwakhalapo pakhoza kukhala mdzukulu wa amene ankagulitsa ndi mdzukulu wa amene anagulitsidwa, ndipo mwina iwo eni akudziwa. Nenani poyamba penipeni kuti mukuweruza buku, osati fuko, chipembedzo kapena banja la munthu. Wina akayamba kutchula mabanja a lero kapena mikangano ya ufumu yomwe ili mkati m'mudzi mwanu, mudule mwaulemu n'kubwerera pa tsamba.

Ndipo pa buku lotere, ngakhalenso la ku Ulaya, pali funso limene simuyenera kulidumpha: kodi mkaziyu akanatha kukana? Mfumu ikakonda kapolo wake kapena mtsikana amene waperekedwa ngati mphatso, mawu oti chikondi amafunika kuwayeza bwino. Mlembi wabwino amadziwa kulemera kwa zimenezi ndipo amakuonetsa: mantha a mkaziyo, kuwerengera kwake, abale ake amene moyo wawo uli m'manja mwa mwamunayo. Mlembi waulesi amangoika mwezi ndi mafunde a nyanja n'kuyembekeza kuti tiiwale unyolo. Pa mfundo iyi maganizo a amayi ndi a abambo amasiyana kawirikawiri, ndipo amayi ena sanganene zonse pamaso pa apongozi kapena aphunzitsi awo. Gawani gulu pawiri kwa mphindi khumi ndi zisanu, amayi paokha abambo paokha, kenako mbali iliyonse isankhe mmodzi wodzanena zomwe akambirana osatchula mwini mawu. Zimene zimatuluka pamenepo nthawi zambiri ndi zimene zimakhala zozama pa buku lonselo.

Zolakwika zina ndi zazing'ono koma zimaononga. Anthu amasokoneza khalidwe la munthu wa m'nkhani ndi luso la mlembi, n'kupatsa buku 1 chifukwa nduna ina ndi yankhanza, pomwe kudana nayo kwawoko ndi umboni woti inalembedwa bwino. Afunseni kuti, "Mwakwiyira ndunayo kapena mlembi?" Ena amati buku ndi lotopetsa pomwe chowavuta ndi Chingerezi chakale ndi maina audindo. Mphindi khumi zoyambirira zomasulirana mawu ovuta zimathetsa zimenezo. Ngati m'gulu muli ana a sukulu, wamkulu mmodzi aliwerenge yekha bukulo lisanagawidwe, chifukwa mabuku ena a mtundu umenewu amalongosola za kuchipinda mosabisa.

Pa msonkhano womaliza tsegulani mapepala onse a masabata anayi aja. Musaphatikize manambala n'kupeza la pakati. Ngati anthu asanu apereka 5 ndipo anayi apereka 1, la pakati likhala pafupifupi 3, nambala yomwe palibe anapereka, ndipo wowerenga lipoti lanu adzaganiza kuti bukulo ndi lofunda chabe pomwe linagawa gulu pakati. Lembani mmene zinalili: asanu analikonda kwambiri pa chifukwa chakuti, anayi analikana pa chifukwa chakuti. Onaninso mmene manambala anasinthira. Chikondi chimene chinayamba ndi 2 n'kuthera pa 5 chikusonyeza mlembi wodziwa kumanga pang'onopang'ono, ndipo ndi bwino kuchenjeza owerenga ena kuti apirire masamba oyamba.

Lipotilo likhale la tsamba limodzi: nkhani mwachidule osaulula mathero, maganizo pa mafunso atatu aja, zolakwa za mbiri zimene munatsimikiza ndi masamba ake, ndi mawu awiri kapena atatu a owerenga monga anawanenera, m'Chichewa chawo, osawakonza kuti amveke ngati a m'kalasi. Pemphani chilolezo musanalembe dzina la munthu. Musaiwale amene analisiyira panjira. Apiteni kwawo mukawafunse tsamba lomwe anaimira ndi chifukwa chake. Atatu akaimira pa chigawo chimodzi, monga pamene nkhani yachoka pa okondanawo n'kukhala masamba 30 pa msonkhano wa nduna, lembani tsambalo m'lipoti, ndipo gulu lotsatira lidzawerenge chigawo chimenecho mokweza pamodzi m'malo mopatsa munthu kuti akalimbane nacho yekha kunyumba.