Momwe mungasankhire sikopu ya mfuti yosaboola m'thumba powombera chandamale

Ambiri ongoyamba masewera owombera chandamale amathamangira sikopu (chida cha magalasi chomangidwa pamfuti, cholozera ndi kukuza chandamale) yokuza kwambiri, poganiza kuti nambala ikakula ndiye kuti chidacho n'chabwino. Ayi ndithu. Ngati ndalama zili zochepa, zipite ku galasi loona bwino ndi zomangira zolimba. Kukuza kubwere pambuyo.

Choyamba, yang'anani mfuti yanu ndi mtunda umene mumawombera. Ya tizipolopolo ting'onoting'ono ta .22 LR ambiri amawombera nayo pa mamita 25 mpaka 50, ya mpweya pafupi kuposa apo, pomwe mfuti zazikulu zimafika mamita 100 n'kupitirira. Chenjerani ndi mfuti ya mpweya ya sipuling'i. Imeneyi imakankhira kumbuyo kenako kutsogolo, ndipo kugwedeza kwa uku ndi ukuku kumapha sikopu zambiri, ngakhale zopangidwira mfuti zazikulu. Ngati yanu ndi yotere, gulani yokhayo imene opanga alemba kuti imapirira sipuling'i.

Kenako werengani manambala. Pa sikopu yolembedwa 3-9x40, chithunzi chimakula kuyambira ka 3 mpaka ka 9, ndipo 40 ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Mukagawa 40 ndi 9 mupeza 4.4, ndiwo mamilimita a kuwala kofika m'diso mwanu. Ya 6-24x40 mukaikuza mpaka mapeto, kuwalako sikufika n'komwe mamilimita 2: chithunzi chimada, ndipo mutu ukangosuntha pang'ono chandamale chasowa. Pa mamita 50 mpaka 100, 3-9x40 kapena 4-12x40 ndi yokwana.

Chachitatu ndi parallax, imene ambiri amaiiwala koma ndiyo imamwaza zipolopolo. Tsamizani mfuti pa thumba la mchenga, lozani chandamale, ndiye sunthani mutu pang'onopang'ono osaikhudza mfutiyo. Kamtanda ka mkati kakamayendayenda pa chandamale, vuto ndi limeneli. Sikopu zambiri za mfuti zazikulu zimatcheredwa kufakitale pa mayadi 100, za .22 pa mayadi 50. Choncho wowombera pafupi, kapena pa mitunda yosiyanasiyana, asankhe yolembedwa AO, yokhala ndi mkombero wozunguza kutsogolo, kapena imene ili ndi chozunguza kumanzere; zonse ziwiri n'zotcherera parallax molingana ndi mtunda. Kwa ine, ichi n'chofunika kuposa kamtanda koyaka ndi batire, kamene masana sikathandiza kwenikweni.

Gwirani zozunguza za pamwamba ndi kumbali, zimene zimasuntha pomwe chipolopolo chimagwera. Zizilira "the, the, the" momveka, osati kuterereka. Miyeso yake ndi iwiri, MOA ndi MRAD. Pa sikopu ya 1/4 MOA, kulira kumodzi kumasuntha chipolopolo pafupifupi mamilimita 7 pa mamita 100. Pa ya 0.1 MRAD ndi sentimita imodzi ndendende, zimene n'zosavuta kwa wozolowera mamita. Timizere ta pa kamtanda ndi zozunguzazo zikhale za muyeso umodzi.

Musanalipire, suzumiranimo panja, makamaka dzuwa litapendeka. Onani m'mphepete mwa chithunzi, chifukwa galasi lotsika limawala pakati pokha. Funani mawu akuti "fully multi-coated", kutanthauza kuti magalasi onse anawakuta kangapo kuti kuwala kuzidutsa bwino, komanso kuti mkati anathiramo mpweya wa nitrogen woletsa nkhungu. Diso likhale masentimita 8 mpaka 10 kuchokera pa galasi mukuonabe chithunzi chonse, apo ayi mfuti yokankha kwambiri idzakutemani pa nsidze. Funsaninso za waranti. Kampani ya Vortex, mwachitsanzo, imapereka yopanda malire a zaka.

Musathere ndalama zonse pa sikopu n'kugula mphete zomangira zachabechabe. Thupi la sikopu limakhala la inchi imodzi kapena mamilimita 30, ndipo njanji ya pamfuti ingakhale ya mamilimita 11 kapena ya Picatinny. Mphete zigwirizane ndi zonse ziwiri. Pomanga, tsimikizani kaye kuti mfuti ilibe chipolopolo, ndipo masikuluwo musawamange mopyola muyeso umene opanga alemba.

Pomaliza, iyeseni pa malo ovomerezeka owomberera nthawi yobweza katundu isanathe. Womberani katatu pakati. Zunguzani kumanja mpaka kulira ka 20, womberani. Ka 20 m'mwamba, ka 20 kumanzere, ka 20 pansi, mukuwombera paliponse koma mukuloza malo omwewo. Mabowo apange bokosi, ndipo omaliza agwere pa oyamba aja. Akapanda kutero, zomangira zili zothina bwino, ibwezeni sikopuyo.