Momwe mungapangire firiji ya miphika iwiri yosungira tomato ndi ndiwo zamasamba

Pitani pa msika wa Zomba, Thondwe kapena Jali cha m'ma 3 koloko masana m'mwezi wa Okutobala. Mpiru umene unali wobiriwira m'mawa wafota, tomato wayamba kufewa, ndipo wogulitsa akutsitsa mtengo kuti asabwerere nazo kunyumba. Firiji yamagetsi ndi yodula, komanso magetsi akazima imasanduka kabati. Koma kutentha komweko kwa chilimwe kungathe kukuziziritsirani ndiwo ngati muli ndi miphika iwiri yadothi, mchenga ndi madzi.

Nzeru yake ndi ya mtsuko wa agogo uja womwe madzi ake amakhala ozizira. Madzi akamatuluka m'timabowo ta dothi ndi kuuma kunja, amachoka ndi kutentha. Mphunzitsi wa ku Nigeria, Mohammed Bah Abba, ndi amene anafalitsa njira yoika mphika m'kati mwa unzake m'zaka za m'ma 1990.

Pezani miphika iwiri yootcha bwino, waukulu ndi waung'ono, yoti waung'ono ukalowa pazitsala mpata wa masentimita 3 mpaka 5 kuzungulira konse. Ndi bwino kuuza woumba kuti aumbe yonse pamodzi, yakukamwa kwakukulu. Wakunjawo usakhale wopaka penti, simenti kapena wosalazidwa kwambiri, chifukwa ukapanda kutuluka thukuta palibe chimene chizizire. Wam'kati ndiye uyenera kukhala wosadontha. Ngati ukulowetsa madzi ambiri, poto wa aluminiyamu amagwiranso ntchito. Mphika uliwonse ugogodeni ndi chala: mphika wabwino umalira ngati belu, wong'aluka umalira mogontha.

Mchenga ukhale wa kumtsinje, wokhakhala. Usefeni kuchotsa miyala ndi zinyalala, kenako muutsuke mpaka madzi ake ayere. Dothi likatsalira limatseka timabowo ta mphika.

Thirani mchenga pansi pa mphika waukulu, masentimita 3 mpaka 5, mpaka milomo ya miphika yonse ifanane mukaika waung'ono. Ukhazikeni pakatikati, muuvindikire kuti mchenga usagweremo, ndipo dzazani mpata wonse, kusiya masentimita 2 pamwamba. Chitani zimenezi pamalo pomwe firijiyo izikhala, popeza ikanyowa imalemera ndipo kuinyamula n'kuswa. Thirani madzi pang'onopang'ono mumchengamo mpaka asiye kulowa. Mukathira mothamanga mphika wam'kati umayandama n'kupendekeka. Vindikirani ndi chiguduli kapena chitenje chonyowa chopinda kawiri, chofinya kuti chisadonthezere m'kati, ndipo dikirani kufikira mawa lake musanaikemo kanthu.

Malo ndi amene amalepheretsa anthu ambiri. Firijiyi imafuna mthunzi ndi mphepo nthawi imodzi. Pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango m'pabwino. M'chipinda chotseka mawindo kapena pafupi ndi moto simuphula kanthu. Ikhazikeni pa njerwa zitatu ngati mafuwa kuti mpweya uzidutsa ndi pansi pomwe. Madzi onjezerani m'mawa ndi madzulo, lita imodzi kapena awiri patsiku malinga ndi kukula kwa miphika. Pisani chala mumchenga: ukauma, kuzizira kwatha.

Kunja kukatentha mouma, m'katimo mumatsika ndi madigiri 5 mpaka 10. N'chifukwa chake imathandiza kwambiri kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, makamaka kuchigwa cha nyanja ya Chilwa. M'dzinja, kapena m'mphepete mwa phiri la Zomba kukachita nkhungu, mpweya umakhala wodzaza kale ndi chinyezi, choncho kuzizira kumachepa ndipo chuku chimamera msanga. Nthawi imeneyo chepetsani madzi ndipo muzivundukula kawirikawiri. A ku Kachulu ndi madera ena ozungulira nyanjayi asamale ndi madzi a mjigo amchere: amasiya zoyera kunja kwa mphika zomwe zimatseka timabowo. Zipaleni ndi burashi youma, ndipo ngati n'kotheka gwiritsani ntchito madzi opanda mchere.

Ikanimo tomato, tsabola, mabilinganya, therere, karoti, zitheba ndi masamba monga mpiru, repu ndi nkhwani. Tholani m'mawa dzuwa lisanakwere, chotsani zovulala ndi zoboola mbozi, ndipo musaike zonyowa. Tomato wopsa ndi nthochi zimatulutsa mpweya umene umasandutsa masamba kukhala achikasu, ndiye zisakhale mumphika umodzi. Anyezi ndi adyo amafuna pouma, mufirijiyi amamera kapena kuola. Kamodzi pa sabata tulutsani zonse, tsukani mphika wam'kati ndi kuuumitsa.

Pa nyama, mkaka ndi nsomba zaziwisi musayesere n'komwe. Matemba ndi makumba amafuna ayezi kapena kuwamba. Katemera nayenso amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, pomwe miphikayi siingafike, ndipo malo ake ndi firiji ya kuchipatala. Odwala matenda a shuga ena amasungamo botolo la insulin lomwe ayamba kale kugwiritsa ntchito kuti lisapse ndi dzuwa. Ngati mukufuna kutero, yambani mwafunsa adokotala kapena anamwino amene amakupatsani mankhwalawo, ikani botololo m'kachitini kotseka bwino kuti lisanyowe, ndipo lembani tsiku lomwe munalitsegula.