Mmene mungafufuzire mbiri ya Mały Rynek, bwalo laling'ono la msika ku Kraków m'dziko la Poland, mukuyenda wapansi

Yambirani pa Rynek Główny, bwalo lalikulu la msika lomwe linapimidwa mu 1257, mbali iliyonse mamita pafupifupi 200. Zungulirani kuseri kwa tchalitchi cha Mariacki, mudutse pa kabwalo kotchedwa plac Mariacki, mulowe kampata ka pansi pa nyumba. Mukatulukira uko, mwafika pa Mały Rynek. Kabwalo mwadutsako kanali manda a parishi mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1700.

Choyamba imani pakati muone kaonekedwe ka bwaloli. Ndi lalitali koma lopapatiza, kumpoto kuli msewu wa Mikołajska, kummwera wa Sienna. Kuno n'kumene ankagulitsira nyama, kuti fungo ndi ntchentche zisafike kwa amalonda a nsalu a ku Sukiennice, nyumba ya malonda ya pa Rynek Główny.

Tsopano tembenukirani kumadzulo. Khoma mukulionalo ndi kumbuyo kwa tchalitchi cha Barbara Woyera, chomangidwa m'zaka za m'ma 1300 ndipo chinaperekedwa kwa ansembe a chipani cha Yesu mu 1583. Jakub Wujek, amene anamasulira Baibulo m'Chipolishi, anaikidwa mmenemo. Tsidya linalo funafunani nambala 6, nyumba ya Szoberowska, mmene munasindikizidwa Merkuriusz Polski, nyuzipepala yoyamba ya m'Chipolishi, mu 1661.

Ambiri amaphonya apa: amayesa zaka za nyumba poona kumaso kwake. Musatero. Pulasitala, mawindo ndi zokongoletsa zinasinthidwa kambirimbiri, koma njerwa zam'kati n'zakale kwambiri. Yang'anani miyala ya mafelemu a zitseko ndi kukhuthala kwa khoma pa windo. Ngati nyumbayo ili ndi malo odyera pansi pa nthaka, tsikani, muwerenge masitepe. Nthaka ya mzindawu inakwera ndi mamita angapo chifukwa cha zinyalala ndi zibuma zothiridwa kwa zaka mazanamazana, moti chipinda chomwe lero chili pansi mwina kale chinali poyera, chitseko chake chikuloza kumsika. Windo lotsekedwa ndi njerwa m'chipinda chotere ndi umboni wamtengo wapatali, ndipo ndi bwino kulijambula mutaimika chinthu chodziwika kutalika pambali pake.

Mukapita ku zolembedwa zakale, musafufuze dzina la lero lokha. Bwaloli linkatchedwanso Forum Antiquum ndi Tandeta, ndipo nyumba zinkadziwika ndi mayina a eni ake manambala asanabwere. Lembani mayina onsewo pa pepala limodzi musanatsegule kaundula aliyense.