Wosewera akayamba kuopa free throw, musamuonjezere chikwapu

Chaka chino m'mabwalo athu a basketball ndaona chinthu chimodzi chikuchitika mobwerezabwereza mpaka chandikwana. Wosewera amene ankagoletsa bwinobwino akangophonya ma free throw (mipira yoponyera pa mzere popanda womutchinga, imene amapatsidwa akachitiridwa faulo) awiri kapena atatu gemu ili pothina, kochi akumukalipira anthu onse akumva, n'kumutulutsa kuti akakhale pa benchi. Lolemba pa tireningi timu yonse ikuthamanga bwalo uku ndi uku, wophonyayo ataimitsidwa pambali kuti aone mmene anzake akuvutikira chifukwa cha iye. Mukafunsa, amati ndi mwambo, nafenso tinaleredwa choncho. Makochi anzanga, mwambo umenewo ukutithera osewera.

Muoneni mwanayo pakatha milungu iwiri. Sakulowanso m'kati, kufupi ndi ringi. Mpira ukamupeza, njira ya ku ringi ili pululu, iye akuima n'kumafuna mnzake woti amupatsire. Wawerengera kale mumtima kuti m'kati muli faulo, faulo imathera pa mzere wa free throw, ndipo pa mzerepo ndi pamene pali manyazi. Choipa kwambiri n'chakuti pa pepala la mapointi zophonya zimasiya kuoneka, popeza munthu sakuponya n'komwe, ndiye kochi amadziguguda pachifuwa kuti chilango chagwira ntchito. Chonsecho timu yataya wogoletsa, yataya mafaulo amene adani akanachita pomutchinga, ndipo adaniwo akangonunkhiza mantha amamusiya yekha n'kupita awiri kukatseka mnzake.

Matendawa agwirapo anthu olandira mamiliyoni a madola. Nick Anderson anali wosewera woyamba amene timu ya Orlando Magic inasankha mu 1989, munthu wolimba mtima ndithu. Mu May 1995 analanda mpira m'manja mwa Michael Jordan kumapeto kwa gemu, Orlando n'kupambana Chicago, timu ya Jordanyo. Patangotha mwezi, mu gemu yoyamba ya fainolo ya NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, yolimbana ndi Houston Rockets, Orlando inkatsogola 110 kwa 107 kutatsala masekondi ochepa. Anderson anachitiridwa faulo. Free throw imodzi yokha ikanakwanira. Anaphonya ziwiri, anadumpha n'kugwira yekha mpira wobwererawo, anamuchitanso faulo, anaphonyanso ziwiri. Kenny Smith wa Houston anagoletsa ya mapointi atatu, gemu inalowa nthawi yowonjezera, mnzake Hakeem Olajuwon anamaliza ntchito, 120 kwa 118. Houston inatenga chikho Orlando isanapambaneko ngakhale gemu imodzi.

Chimene ndikufuna muone ndi zimene zinatsatira. Anderson ankagoletsa pafupifupi ma free throw 70 pa 100 alionse. Sizoni yotsatira sanatsike kwenikweni, moti wina akanati wachira. Koma mu sizoni ya 1996-97 anagwera pa 40. Dzanja linali lomwelo, ringi yomweyo ya mamita 3.05, mzere womwewo. Anthu anali atamupatsa dzina lomunyoza, nkhani ya zinayi zija inkamutsatira paliponse, ndipo anasiya kulowa m'kati n'kumangoponyera kutali kuti asachitiridwe faulo. Mantha otere amadya munthu pang'onopang'ono, n'chifukwa chake kochi amene amangoyang'ana gemu ya sabata ino amawazindikira mochedwa. Mu 1997-98, timu ili m'manja mwa kochi Chuck Daly, Anderson anayambanso kulowa m'kati ndipo anakwera kupitirira 60.

Ben Simmons wa Philadelphia 76ers anayenda njira yomweyo mu 2021. Mu sizoni ankagoletsa pafupifupi 61 pa 100, koma m'magemu a ndime yochotsana anagoletsa 25 yokha pa 73. Mu gemu yachisanu ndi chiwiri, yomaliza, yolimbana ndi Atlanta Hawks anapezeka pansi pa ringi palibe womutchinga, munthu wamtali kuposa mamita awiri, koma anapatsira mnzake Matisse Thybulle. Gemu itatha, atolankhani anafunsa kochi wake Doc Rivers ngati Simmons angatsogolere timu yotenga chikho, iye anayankha kuti sakudziwa. Simmons sanasewerenso m'timu imeneyo. Mawu a kochi pagulu amalemera choncho, ndiye inu mukamatukwana mwana wa zaka 17 makolo ndi anzake akumva, mukuganiza kuti akawatula kuti?

Bambo wina mlimi, amene mwana wake wamkazi amasewera, anandikokera pambali tsiku lina gemu ili m'kati. Anati ng'ombe yake yapangolo inaterereka pa kamlatho ka mitengo mvula itagwa, mnyamata woyendetsa n'kuikwapula pomwepo. Kuchokera tsiku limenelo ikangoona kamlathoko inkakhoma miyendo, ngakhale chilimwe pouma. Anachita kuimasula pa goli n'kumaiwolotsa yopanda katundu m'mawa uliwonse, mwini ng'ombeyo ali patsogolo ndi chingwe, mpaka inaiwala. "Koma aphunzitsi," anatero, "anzanuwa sadziwa zimenezi?" Mwana wakeyo anali atakhala pa benchi kuyambira kota yoyamba.

Chizolowezi china chimene chimanditopetsa ndi cha aphungu ambirimbiri. Munthu akangoyamba kuphonya, aliyense wasanduka katswiri: wina akuti kweza chigongono, wina pinda mawondo, wina wamutumizira vidiyo ya katswiri woponya Stephen Curry pa WhatsApp. Kaponyedwe kamene thupi linazolowera zaka zisanu kakuphwasulidwa sizoni ili pakati. Akaima pa mzere, pa masekondi 5 amene malamulo a FIBA, bungwe la basketball padziko lonse, amapereka, mutu uli ndi malangizo khumi. Aphonyanso basi. Wolankhula naye za kaponyedwe akhale munthu mmodzi, enanu mungowomba m'manja.

Komanso si nthawi zonse pamene vuto limakhala m'mutu. Markelle Fultz, amene anasankhidwa woyamba mu NBA mu 2017, kaponyedwe kake kanasokonekera mpaka anthu ankamuseka pa intaneti kuti ndi mantha chabe. Mu December 2018 madokotala anamupeza ndi thoracic outlet syndrome, vuto la kupanikizika kwa mitsempha pakati pa khosi ndi phewa. Choncho musanayambe za mtima, mufunseni pa awiri ngati phewa, dzanja kapena chala chikupweteka, ngati akugona bwino, ngati kunyumba kuli mtendere. Ana ambiri amabisa ululu poopa kutaya malo m'timu.

Zochita zake si zambiri ndipo mukuzidziwa. Ayambire pafupi ndi ringi, aone mpira ukulowa kambirimbiri, kenako azibwerera m'mbuyo phazi limodzilimodzi mpaka afike pa mzere. Akhale ndi kachitidwe kamodzi kosasintha: kudunditsa mpira kangati, kupuma kamodzi, maso pa malo amodzi a ringi, kuponya. Wofufuza Joan Vickers wa ku University of Calgary anapeza kuti oponya bwino amaika maso pamalo amodzi kwa nthawi yotalikirapo asanatulutse mpira, ndiye musamuthamangitse. Asamaponye 50 motsatizana ali wozizira. Aziponya ziwiriziwiri atatopa, pakati pa masewera ena, monga zimakhalira mu gemu. Kwa milungu ingapo muzimuwerengera kuti walowa m'kati kangati ndipo wachitiridwa mafaulo angati, zogoletsazo muzisiye kaye. Akaphonya mu gemu musamutulutse pomwepo, mpira wotsatira mumukonzere iyeyo. Ngati mantha afika pomusowetsa tulo kapena akuyamba kujomba tireningi, kambiranani ndi makolo ake, ndipo aonane ndi mlangizi wa za maganizo.