Momwe mungazindikirire kuti ogulitsa apangana mitengo: mlandu wa Apple ndi mabuku a pa intaneti

Pa 10 Julayi 2013, woweruza Denise Cote wa ku New York anagamula kuti kampani ya Apple inaphwanya lamulo pothandiza makampani asanu osindikiza mabuku kukweza mitengo ya mabuku owerengera pa foni ndi pa kompyuta. Makampaniwo ndi Hachette, HarperCollins, Macmillan, Penguin ndi Simon & Schuster. Lamulo lake ndi lakale, Sherman Act la 1890, lomwe limaletsa amalonda opikisana kupangana mtengo. Mlanduwu ndi wabwino kuphunzirapo chifukwa zambiri zinaululika, kuyambira ma imelo mpaka malo odyera kumene mabwanawo ankakumana. Kaya ndinu mtolankhani, wophunzira zamalamulo, kapena wogula amene mitengo yamudabwitsa, tsatani izi.

1. Yambani ndi mtengo wakale, ndipo funsani kuti unkawawa ndani

Amazon, kampani yogulitsa katundu pa intaneti, inatulutsa Kindle, kachipangizo kowerengera mabuku, mu 2007. Inkagula mabuku kwa osindikiza pa mtengo wopikulitsa n'kudziikira yokha mtengo wogulitsira, ndipo mabuku atsopano otchuka inkawagulitsa $9.99. Pofika 2009, mabuku pafupifupi 90 mwa 100 alionse a mtunduwu ankagulidwa ku Amazon. Osindikiza ankadana nawo mtengowu. Ankaopa kuti anthu azolowera, n'kusiya kugula mabuku a chikuto cholimba omwe ankawapatsa phindu lalikulu. Mukadziwa amene mtengo wotsika ukumupweteka, mwadziwa koyambira.

2. Onani ngati mitengo yakwera nthawi imodzi, koma musathamangire kuweruza

Mu Epulo 2010, iPad, chipangizo cha Apple chomwe chinabwera ndi sitolo ya mabuku ya kampaniyo, itayamba kugulitsidwa, mabuku ambiri a makampani asanu aja anachoka pa $9.99 n'kufika $12.99 kapena $14.99. Ku Amazon mitengo yawo inakwera ndi 18 peresenti ndi kakusefukira mukaiphatikiza yonse. Random House, kampani yaikulu kuposa onsewo, inakana kulowa nawo nthawi imeneyo ndipo mitengo yake sinasunthe.

Kukwera pamodzi pakokha si mlandu. Kwacha ikagwa, magolosale onse amakweza mtengo wa mafuta ophikira sabata imodzi popanda kuuzana. Choncho funsani kaye ngati pali chomwe chakwera kwa onse. Pa mabuku aja panalibe, komanso panali Random House yoyerekezera nayo. Nthawi zonse fufuzani wogulitsa amene ali kunja kwa gulu lomwe mukulikayikira.

3. Tengani cholembera muwerengere ngati aliyense payekha akupindula

Apa ndi pamene ambiri amalumpha, koma ndi pomwe pagona nkhani. Pa dongosolo lakale, Amazon inkatha kulipira wosindikiza madola 12 kapena 13 pa buku latsopano n'kuligulitsa $9.99, ikuluza dala kuti anthu agule Kindle. Pa dongosolo latsopano lomwe Apple inabweretsa, wosindikiza ndiye ankaika mtengo, wogulitsa n'kutengapo 30 peresenti. Tsono werengerani: buku la $12.99, wosindikiza amatsala ndi $9.09. Buku la $14.99, amatsala ndi $10.49. Wogula akulipira zambiri, wosindikiza akulandira zochepa, ndipo wolemba amene gawo lake limachokera pa ndalama za wosindikiza nayenso akuchepekedwa.

Wamalonda wanzeru zake sangavomere yekha zoterezi. Kampani imodzi ikanakweza payokha, owerenga akanathawira kwa anzake, ndipo Amazon ikanailanga. Zinaonekadi kumapeto kwa Januwale 2010, pamene John Sargent, mkulu wa Macmillan, anapita ku Seattle kukauza Amazon za dongosolo latsopanoli. Amazon inasiya kugulitsa mabuku a Macmillan. Patangopita masiku ochepa Amazon inagonja, chifukwa zinali zoonekeratu kuti enanso anayi akubwera ndi mawu omwewo. Mukaona wamalonda akuchita chinthu chomwe chikanamugwetsa akanakhala yekha, dziwani kuti mwina anatsimikiziridwa kuti sali yekha.

4. Werengani mapangano amene aliyense anasaina ndi wapakati

Opangana mitengo sasaina pepala limodzi. Wosindikiza aliyense anasaina pangano lakelake ndi Apple, ndipo pangano lililonse palokha linkaoneka lopanda vuto. Munali ndime yoti ngati sitolo ina ikugulitsa buku motchipa, mtengo wa ku Apple nawonso utsike kufanana nawo. Kungoimva ndimeyi, mungaganize kuti ikuteteza wogula. Koma Amazon ikanapitiriza ndi $9.99, wosindikiza akanalandira 70 peresenti yokha ya $9.99 kuchokera ku Apple, yomwe sikwana n'komwe madola 7. Njira yokhayo yopulumukira inali kuilanda Amazon mphamvu yoika mitengo, ndipo onse asanu anatero. Munalinso malire a mitengo, $12.99 ndi $14.99 aja, omwe amati ndi denga koma anasanduka mtengo weniweniwo.

Ikani mapangano onse pamodzi muone ngati ndime zake zikufanana, ndiponso ngati anasainidwa masiku oyandikana. Asanu aja anasainidwa m'masiku ochepa iPad isanalengezedwe pa 27 Januwale 2010.

5. Pezani umboni woti ankalankhulana

Popanda izi mlandu sulimba. Akuluakulu a makampaniwa ankakumana m'zipinda zapadera za malesitilanti a ku Manhattan, monga Picholine, popanda maloya awo. M'masabata okambirana ndi Apple ankaimbirana mafoni pafupipafupi. Eddy Cue wa ku Apple, yemwe ankatsogolera zokambiranazo, ankauza aliyense za kuchuluka kwa anzake amene avomera kale. Ndipo tsiku lolengeza iPad, mtolankhani Walt Mossberg atafunsa Steve Jobs kuti munthu agulirenji buku $14.99 ku Apple pomwe ku Amazon lili $9.99, Jobs anayankha kuti mitengo idzakhala yofanana. Anadziwa bwanji, Amazon isanavomere kanthu? Kanema wake anaonetsedwa m'khoti.

Inu simungaone ma imelo a makampani, amenewo amaitanitsa ndi mabungwe a boma. Koma zolankhula pa wailesi, zikalata za mabungwe a amalonda ndi mauthenga a pa WhatsApp olengeza mtengo umodzi kwa mamembala onse, zimenezo zimafika m'manja mwa anthu wamba.

6. Musagwe mphwayi akamati akulimbana ndi chimphona

Apple inati inangobweretsa mpikisano pamsika womwe Amazon inaugwira yokha. Mfundoyi si yopanda pake. Bwalo la apilo litavomereza chigamulochi mu Juni 2015, woweruza mmodzi mwa atatu, Dennis Jacobs, anatsutsa pa chifukwa chomwechi. Inenso mphamvu za Amazon zimandidetsa nkhawa. Komabe amene analipira nkhondoyi ndi wowerenga, yemwe sanafunsidwe n'komwe. Ngati Amazon inkalakwa, osindikiza akanakaisumira ku boma. Bwalo lalikulu la dziko la America linakana kumva apilo ya Apple mu Malichi 2016, ndipo Apple inalipira $450 miliyoni, mwa izo $400 miliyoni n'kubwerera kwa ogula. Osindikiza asanu aja anali atagonja kale mlandu usanayambe kuzengedwa, ndipo analipira pafupifupi $166 miliyoni.

7. Sungani zomwe mwapeza, kenako kadandauleni

Jambulani mitengo pa foni, tsiku likuoneka. Sungani malisiti ndi ma imelo otsimikizira zomwe munagula, chifukwa ku America ogula ambiri anabwezeredwa ndalama kudzera m'maakaunti omwe anagulira mabukuwo. Lembani mayina a ogulitsa, tsiku lomwe aliyense anakweza, ndi amene sanakweze. Musatchule munthu kuti ndi wakuba pa Facebook musanakhale ndi umboni, mungadzipalire mlandu woipitsa mbiri.

Kuno ku Malawi madandaulo otere amapita ku Competition and Fair Trading Commission, ndipo ku Zambia ku Competition and Consumer Protection Commission. Ngati nkhani ikukhudza maiko angapo a COMESA, mgwirizano wa zamalonda wa maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, bungwe loona za mpikisano pa malonda la COMESA lili ndi likulu lake ku Lilongwe. Polemba dandaulo, siyanitsani zomwe mwaona ndi maso anu ndi zomwe mukungoganizira, ndipo phatikizani zithunzi ndi malisiti onse.